Wotchi yanga ya machubu ikumazima rileyi ikangolira, ndalakwitsa pati?

Mwini funso: Akuluakulu a zamagetsi m'gulu muno, ndili pa Dedza boma, ndimakonza mawayilesi ndi mafoni. Alamu anga adandibweretsera kuchokera ku Joni machubu anayi a IN-12, a Nixie aja opangidwa ku Soviet Union, oyaka manambala ofiira ngati khala la moto. Ndafuna ndipange wotchi ya m'shopu. Ma volts 170 ndikuwatenga pa kabodi kokweza mphamvu kuchokera ku batire la sola la 12V, nthawi ikusungidwa ndi kachipu ka DS3231, Arduino (kabodi ka kakompyuta kakang'ono) ndiye akulamula. Nambala iliyonse ndaipatsa rileyi yakeyake (switchi yokokedwa ndi koyilo ya maginito), abuluu aja a 5V, wokokedwa ndi transisita ya BC547. Ndayamba ndi chubu chimodzi, marileyi 10.

Koma zikundizunguza. Rileyi akangoti kha! nthawi zina Arduino akumazima n'kudzukanso, chubu n'kuthima kaye. Dzulo ndinakhalira zimenezi mpaka usiku, zala zitauma ndi chisanu cha kuno, osaphula kanthu.

Wa pa Lizulu: Achimwene, pa koyilo mwaikapo dayodi? Simunatchule. Koyilo ikamasiyidwa imabweza mphamvu yaikulu mwadzidzidzi, ndiyo ikumenya Arduino wanuyo, BC547 nayenso sachedwa kupsa. Ikani dayodi ya 1N4007 pa koyilo iliyonse, mzere wake uloze ku 5V. Kapena gulani chipu ya ULN2003 m'malo mwa BC547, imodzi imakoka marileyi 7 ndipo madayodi ali m'katimo kale, bola mwendo 9 muulumikize ku 5V. China, koyilo imodzi imadya pafupifupi 70mA. Ipatseni 5V yakeyake, mungophatikiza ground.

Mwini funso: Dayodi ndinalibe, ndinati zing'onozing'ono. Ndachita manyazi.

Wina: Koma bambo mukuvutikiranji? Machubu anayi a maola ndi mphindi afuna marileyi 29: atatu, khumi, asanu ndi mmodzi, khumi. Bokosi lake likhala ngati la nsapato. Chipu ya K155ID1 idapangidwira ntchito yomweyi yoyatsa manambala popanda marileyi, imodzi chubu chimodzi. Ikasowa, matransisita a MPSA42 amapirira 300V. Mukadzafuna masekondi ndiye kugunda ka 86,400 pa tsiku, mayi akunyumba akuthamangitsani.

Mwini funso: Kulirako ndiye ndikukufuna, akulu. Kasitomala akamadikira foni pa benchi amve kha! atembenuke. Masekondi ayi. Rileyi wa mphindi aliyense azigwira ka 144 pa tsiku basi, ameneyo satha msanga. Ndipo ikhala kushopu, osati kuchipinda.

Madala a ku Bembeke: Mwana wanga, za phokoso ndi zako, ine ndifunse za rezisita ya pa anode, mwendo wa chubu wolowera 170V. Chubu chimafuna cha m'ma 2mA basi. Yamba ndi 22k, uyeze, ukaona manambala akuyaka moduka tsikira ku 15k. Popanda iyo chubu chipsa, ndipo kuno sudzachipeza. Komanso kapasita ya pa kabodi ako imasunga moto ngakhale utachotsa batire. Ikapo rezisita ya 1M yoti izikhetsa, uziyeza ndi mita usanagwire. M'shopu mumalowa ana, miyendo ya rileyi ija isakhale pamtunda.

Mwini funso: Rezisita ilipo madala, ya 22k. Za kapasita mwachedwa nazo, inandiluma kale Lachiwiri, sikuludiraiva inakagwera kuseri kwa kauntala. Tsono alipo akuchokera ku Lilongwe sabata ino? Ndikufuna ma ULN2003 asanu, tikumane pa roadblock, ndalama nditumiziratu pa foni.