Gulu la banja: BP ya amayi ndi mphika wa kumudzi

Achemwali (Tete): Mwadzuka bwanji nonse. Khadi la amayi ndaliona. Ku Ulónguè awayeza masiku awiri osiyana, 168/98 kenako 162/96. Malire ndi 140/90, ndiye ndi kuthamanga kwa magazi ndithu, si kutopa kwa kudimba ayi. Awapatsa amlodipine, piritsi limodzi patsiku. Tigwirizane zochita Khirisimasi isanafike.

Malume (Moatize): Zikomo mwanangu. Koma mlongo wangayo sakudandaula paliponse, khasu akuligwira ngati kale. Mapiritsi a tsiku ndi tsiku ngofunikadi?

Achemwali (Tete): Kuopsa kwake n'komweko a malume, nthendayi siwawa. Ambiri amaidziwa ziwalo zitafa kale kapena impso zitawonongeka. BP ikatsika ndi mankhwala sikuti yatha, akasiya imakweranso. Amlodipine ena amawatupitsa akakolo. Zikatero asasiye okha, abwerere kuchipatala. Ndipo diclofenac ndi ibuprofen wa pamsika yemwe amamwera msana uja aleke, amakweza BP.

Alamu (kumudzi): Ine wophika ndimve za mchere. Ndiziwaphikira ndiwo zawozawo?

Achemwali (Tete): Ayi alamu, mphika ukhale umodzi. Mukawapatula, sabata siyitha ayamba kupisa m'mbale ya adzukulu. Munthu wamkulu asapose magalamu 5 patsiku, ndiyo supuni ya tiyi imodzi yosaunjika, kuwerengera zonse zimene wadya. Pakhomopo akuluakulu mulipo anayi, ndiye m'mawa yezani masupuni atatu m'kambale, ndiwo za masana ndi zamadzulo zikwanire pomwepo. Yachinayiyo ili kale mu buledi ndi nsomba zouma. Musadule tsiku limodzi, muzichepetsa pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakapita milungu ingapo. Mchere wa pambali podya uchokeretu.

Azakhali (Ulónguè): Musaiwale caldo, katyubu kokometsera ndiwo kaja. Kameneka n'kodzaza mchere, koma ana a masiku ano ndiye mu nyemba, mu mpiru, paliponse. Soda wa m'therere nayenso amakweza magazi chimodzimodzi, kansonga ka supuni n'kokwana. Nsomba zouma za chicoa ndi kapenta muziviika, kutaya madzi kawiri, ndipo osathiranso mchere pophika. Tomato, anyezi, adyo ndi nsinjiro zikakwana palibe amafunsa.

Achimwene (Tete): Tisangoloza amayi okha. Iwo amayenda kudimba, ife kuno pochoka pakhomo ndi njinga yamoto kapena txopela, tsiku lonse pampando, masana tchipisi. Kafukufuku wa dziko lino la Mozambique anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, a BP yokwera anali 33 pa 100 alionse mu 2005, pofika 2015 anali pafupifupi 39. Botolo la Coca-Cola la 300 ml lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi 8, ndipo ndi kutentha kwa ku Tete kuno munthu amamwa awiri osazindikira. Ine ndikuti pa Khirisimasi aliyense wamkulu ayezedwe, asanadye mbuzi.

Malume (Moatize): Mimba yangayi mukuizungulira, ingoitchulani 😂

Achemwali (Tete): Mwadzitchula nokha a malume 😂 Alamu abwereke tepi kwa atelala. Timayeza pamimba chapamchombo, munthu ataima, atatulutsa mpweya, osakoka mimba. Mwamuna akafika masentimita 94, mkazi 80, chiopsezo cha shuga ndi mtima chayamba kukwera. Oterowo akayezetse shuga m'mawa asanadye kanthu. Shuga wa 126 mg/dL kapena kuposa, ikabwerezanso tsiku lina, ndi matenda a shuga. Ludzu losatha, kukodza kangapo usiku, chilonda chosapola, izo musadikire Disembala. Kuyenda mwandawala mphindi 30, masiku asanu pasabata, n'kokwana. Kuno ndi ku Moatize zichitike mbandakucha dzuwa lisanakwiye.

Azakhali (Ulónguè): Ndipo pakhomopo mubwerere ku mgaiwa. Ufa woyera tatayamo gaga yense. Mitanda ichepe, ndiwo zamasamba zichuluke.

Achimwene (Tete): Za makina oyezera. Tigule a pamkono wam'mwamba, a padzanja aja amaphonya kawirikawiri. Tisonkhe 500 MT aliyense pa M-Pesa yanga pofika pa 10, yotsala ikhale ya mabatire ndi ulendo wa amayi wokatenga mankhwala.

Alamu (kumudzi): Oyeza ndine kodi? Mundiphunzitse bwinobwino, ndingamawaopseze ndi manambala olakwika.

Achemwali (Tete): Ndinu alamu. Akhale pampando wotsamira mphindi 5, atapita kale kuchimbudzi, mapazi pansi osapingasa, mkono patebulo molingana ndi mtima. Lamba akhale pakhungu, osati pamwamba pa juzi, zala ziwiri kuchokera pachigongono. Asayankhule. Yezani kawiri, pakati padutse mphindi imodzi, m'mawa asanamwe piritsi ndi madzulo, kwa sabata imodzi. Lembani m'kope ndi tsiku lake, kopelo lizipita nawo kuchipatala. Akangochoka kumunda kapena kukoka fodya wam'mphuno musayeze, padutse theka la ola. Fodyayo ndiye tikambirana nawo pamaso. BP ikafika 180/120, kapena mukaona kamwa yapotoka, mkono walefuka, mawu sakumveka, pezani galimoto nthawi yomweyo. Osayamba mwawasisita kapena kuwamwetsa kanthu.

Malume (Moatize): 500 yanga ndatumiza. Mbuzi ndibweretsa ndine, mafuta ake mudzasenge ndikuona. Koma wokauza mlongo wanga za fodya asakhale ine.

Azakhali (Ulónguè): Ameneyo ndisiyireni, Loweruka ndikupita komweko. Alamu, mundisungire khadilo ndidzaone tsiku lobwerera kuchipatala.