Kodi wophunzira za maganizo amafika bwanji potsogolera anzake?

Mayi wa ku Area 25:
Mwana wanga akumaliza digiri yoyamba ya za maganizo ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ndipo akufunitsitsa kudzathandiza odwala, osati kungokhala muofesi. Ndikupempha odziwa andiunikire njira yoyenera kutsata, komanso chimene chimamufikitsa munthu potsogolera anzake pa ntchitoyi.

Namwino wopuma wa ku Kawale:
Mayi, digiri yoyamba payokha siyimuloleza kuona odwala ngati katswiri. Akufunika digiri yachiwiri yomwe imakhala ndi nthawi yogwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa, kenako alembetse ku Medical Council of Malawi. Adziwenso kuti katswiri wa za maganizo salembera odwala mankhwala, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya madokotala. Iye amakhala pansi ndi munthu amene wasiya kudya kapena sakugona usiku, kumumvetsera modekha, ndi kumupatsa uphungu sabata ndi sabata. Pakadali pano apemphe kuthandiza modzipereka kuchipatala cha Bwaila kapena kuchipatala cha matenda a maganizo cha St John of God, kuti aone yekha ngati mtima wake ungapirire.

Mphunzitsi wa ku Likuni:
Ndiwonjezerepo pa za utsogoleri. Akatswiriwa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, choncho amene amalemekezedwa ndi amene amaphunzitsa ena. Pulofesa Chiwoza Bandawe a ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) anadziwika osati chifukwa cha chipinda choonera odwala chokha, koma pophunzitsa madokotala achinyamata, polemba m'nyuzipepala m'mawu omveka kwa aliyense, ndiponso polumikiza maphunzirowa ndi umunthu wathu. Namondwe Freddy atasakaza chigawo chakumwera mu 2023, anthu ofuna chitonthozo m'misasa anali ochuluka moti katswiri sakanatha kukhala pansi ndi aliyense, ndipo phindu la akatswiriwa linaonekera pokonzekeretsa aphungu ndi anthu odzipereka.

Bambo wa ku Chilinde:
Zonsezo ndi zoona, koma tisabise za ndalama. Mabungwe omwe si aboma amalipira bwino, ndipo ambiri akalowa kumeneko amathera pa malipoti ndi misonkhano ya kunyanja, odwala n'kuwaiwala. Mwana wanuyo akadzakwezedwa, asunge masiku ena oonera odwala, apo ayi amene akuwayang'anira sadzamukhulupirira akamawalangiza.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Ndamuuza ayambe kulemba kalata yopita ku Bwaila asanabwere kutchuthi.