Za mchemwali wanga uja: apa ndi pomwe tafika

Mwezi watha ndinafunsa chochita, poti mchemwali wanga, yemwe amayenda pa njinga ya olumala, anamuika m'kalasi ya m'mwamba pa yunivesite ina, ndipo anzake ankachita kumunyamula pa masitepe m'mawa uliwonse. Ena mwa inu munati tilembe kalata yotchula lamulo la 2024 loteteza anthu aulumali, komanso tikapemphe nzeru ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali m'Malawi. Tinatero. Patatha milungu iwiri, maphunziro ake anawasamutsira m'chipinda cha pansi. Anandiimbira foni mawu akunjenjemera, akuti kwa nthawi yoyamba walowa yekha.

Koma nkhani ya chimbudzi ikadalipo. Khomo n'lopapatiza, njinga siyilowa, moti amapewa kumwa madzi mpaka madzulo. Zimenezi zikundiwawa kwambiri. Lolemba tikubwererako ndi kalata ina.