EEPROM ya pa board yatsopano siikugwira: compatible tilembe bwanji?

Mabvuto: Akuluakulu, thandizeni. Tikupanga timakina toyendetsa mapampu a sola kuno ku Lusaka, pa purosesa ya i.MX6ULL yoyendetsa Linux. Board yachiwiri yabwera ndi EEPROM (kachip kosunga deta ngakhale magetsi atazima) ya Microchip, 24LC02, m'malo mwa ya Atmel yomwe inali pa board yoyamba. Mu device tree, fayilo youza kernel ya Linux zida zomwe zili pa board, mnzanga walemba "microchip,eeprom_24xx" pa compatible, dzina lomwe kernel imasankhira driver ya chidacho. Pulogalamu yofufuza zida ya i2cdetect ikuiona pa adiresi 0x50, koma driver ya ma EEPROM, at24, siikuigwira. Akutinso tichotse "fsl", chidule cha kampani ya Freescale, paliponse tiikepo "nxp", poti purosesayo ndi ya NXP.

a Phiri: Achimwene, dzinalo kernel siikulidziwa. Compatible sitichita kupeka, driver imafuna dzina lomwe lili m'ndandanda wake, chilembo ndi chilembo. Lembani awiri: "microchip,24lc02", "atmel,24c02". Loyamba likunena chip yeniyeni yomwe mwawotcherera, lachiwiri likunena yomwe ikufanana nayo kagwiridwe kake. Lenileni patsogolo, lofanana nalo pambuyo.

Tikondane: Ndipo "xx" ameneyo asaonekenso. 24C02 imasunga mabayiti 256, 24C256 imasunga 32 KB, ndipo adiresi yamkati imatumizidwa mosiyana. Nanga mukati 24xx, driver idziwa bwanji kuti ndi iti? Underscore nayenso ayi. Zilembo zikhale zazing'ono, polekanitsa mawu muike hyphen.

Mabvuto: Zikomo mayi. Nanga za fsl zija?

a Phiri: Musazikhudze, chonde. Freescale inalowa mu NXP mu 2015, Atmel inagulidwa ndi Microchip mu 2016, koma "fsl,imx6ull" ndi "atmel,24c02" alipobe mpaka lero. Chifukwa chake n'chakuti DTB, device tree yomangidwa kale, yomwe inalowa m'makina iyenera kudzukabe ndi kernel ya mawa. Taganizani pampu yomwe munakaika ku Chongwe: mukatumiza kernel yatsopano yomwe siikuzindikira dzina lakale, wina akwera basi kukaitsegula, uku mbewu za mlimi zikufota. Ine nkhani iyi imandikhudza kwambiri, chifukwa wovutika sakhala amene anasintha dzinayo. Dzina likangotuluka m'ofesi lakhazikika basi.

Chisomo: Ndifunseko pomwepo. Dzina la board yathuyathu, pamwamba pa dts, fayilo yomwe timalembamo device tree, limayamba ndi fsl?

Tikondane: Ayi, board siinapangidwe ndi Freescale. Muyambe ndi dzina la kampani yanu, comma, kenako dzina la board, ndipo "fsl,imx6ull" akhale womalizira. Muyang'ane kaye mu Documentation/devicetree/bindings/vendor-prefixes.yaml kuti prefix yanuyo, dzina la kampani lija, wina sanatenge kale, muionjezemo. Ena akale anatengera chidule cha kampani pa msika wa masheya, n'chifukwa chake Broadcom ndi "brcm". Inu ingolembani dzina lalifupi loti munthu alizindikire.

a Phiri: Apa ndisiyanako pang'ono ndi omwe amapatsa revision iliyonse, kutanthauza mtundu watsopano wa board yomweyo, dzina lake. Ngati chasintha ndi EEPROM yokha, node yake, gawo lake mu device tree, ikukwanira kunena zimenezo. Revision ilowe m'dzina pokhapokha pali chomwe bootloader (pulogalamu yodzutsa kernel) kapena driver iyenera kusiyanitsa.

Tikondane: Ine ndimaiikabe, a Phiri. Lero zikuoneka zofanana, mawa mupeza vuto pa board yachiwiri yokha, DTB ili kale kumunda. Kulemba la revision patsogolo, la board pakati, fsl kumapeto, sikuwononga kanthu.

Mabvuto: Yagwira! Fayilo ya eeprom yaoneka mu /sys/bus/i2c/devices, ndawerenga mabayiti onse 256. fsl tamusiya. Za revision nditsata mayi Tikondane, poti board yachitatu ikubwera ndi modem ina. Panopa ndikuyendetsa make dtbs_check yoona zolakwika mu device tree, ikudandaula za prefix yathu, ndikuionjezera mu yaml muja.