Citi Golf yanga yasiya kukoka nditangosinthitsa timing belt, thandizeni

Wa_ku_Turffontein:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo mutu waima. Ndili ndi Citi Golf 1.6, ndi yomwe ndimatengera katundu wa anthu kukasiya ku mabasi opita kumudzi, ndiye ikangoima ine ndi ana tagona ndi njala. Loweruka lapitali ndinasinthitsa timing belt (lamba wa mano wa pa injini) kwa mkulu wina wokonzera panja, lamba wakale anali ndi ming'alu koma sanaduke ayi, galimoto ndinapita nayo ikuyenda bwinobwino. Pano ikulira inde koma mphamvu zilibe, dzulo pa Munro Drive ndinachita kukwera pa giya 1 ndilibe ndi katundu yemwe, ukaponda moto ikungodzuma kenako ku ekzosi phuu phuu, mafutanso ikumwa modetsa nkhawa. Mkulu uja akuti vuto ndi mapulagi ndigule atsopano. Zoona zimenezi?

Mlamu_wa_Mayfair:
Amwene musaiwale kuti Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka ndiye galimoto yopanda turbo imafooka kusiyana ndi ku Durban. Komabe mapulagiwo yesani, si odula.

Sipanala_Jeppe:
Ayi achimwene musataye ndalama pa mapulagi. Galimotoyo inali konkuno sabata yatha ikukoka, mapulagi omwewo, mpweya womwewo, chomwe chasintha ndi lamba basi, ndiye tiyambire pamene manja anagwira.

Lamba akalumpha dzino limodzi lokha injini imalira koma ma valve amatseguka nthawi yolakwika, mphamvu zimathera pompo. Koma pa Citi Golf pali china chomwe ambiri amapusa nacho, lamba ameneyu samangolumikiza crank (shaft yozunguzidwa ndi ma piston) ndi cam (yotsegula ma valve), amazunguzanso intermediate shaft yomwe imayendetsa distributor (yogawa moto ku mapulagi) ndi pampu ya oilo. Kagiya ka shaft imeneyi ndi kofewa, ukangochotsa lamba wakale kamasuntha ngakhale ndi chigongono osadziwa, ndiye munthu amayika cam pamalo pake, crank pamalo pake, koma moto ukufika ku pulagi mochedwa. Zomwe mukunenazi, kudzuma ndi kuphulika ku ekzosi, ine ndikukayikira pamenepo.

Chitani chonchi injini itazizira. Chotsani chivundikiro cha lamba, zunguzani crank ndi sipanala kumbali yomwe injini imazungulira mpaka chizindikiro cha pa flywheel chionekere pa kabowo ka pamwamba pa giyabokosi, tengani tochi chifukwa pamakhala pakuda. Onani ngati chizindikiro cha pa cam chalunjika. Kenako vundukulani distributor, rotor (kamkono kozungulira m'kati mwake) iloze pa kamzere ka silinda 1 kamene kali m'mphepete. Zitatuzi zigwirizane, chimodzi chikathawa ndiye vuto lanu limenelo. Akakonza azunguze crank kawiri kathunthu ndi manja asanalize, chifukwa cam imazungulira kamodzi crank ikazungulira kawiri, ndiye aonenso zizindikiro zija tensioner (yokungira lamba) atamanga kale, nthawi zambiri zimathawa pomanga tensioner pomwepo. Ndipo chonde siyani kaye kuyenda nayo, moto wochedwa umatenthetsa injini.

Mayi_a_Corsa:
Ine zinandionekera pa Corsa yanga, tinavutika masiku atatu kufufuza timing pomwe anangoiwala kubwezera kapaipi kakang'ono ka vacuum kuseri kwa manifold, injini imayamwa mpweya wakuba. Imikani galimoto ikulira mutsegule boneti mumvetsere ngati pali kakuti tsiii. Muonenso mawaya a mapulagi ngati sanawasokoneze, dongosolo lake ndi 1-3-4-2. Zonsezi zikakhala bwino ndiye apime compression, injini zina timing ikathawa kwambiri valve imagundana ndi piston n'kupindika, koma poti lamba wanu sanaduke musade nkhawa msanga achimwene.

Wa_ku_Turffontein:
Ndabwera kudzathokoza. M'mawa uno tatsegula ndi mkulu uja, poyamba amakana kuti iye salakwitsa zimenezi koma nditamuunikira ndi tochi ya foni anangoti zii. Flywheel ndi cam zinali bwino, rotor ndi yomwe inali isanafike pa kamzere, mpata wokwana chala. Wamasula tensioner, wabweza kagiya kaja, wazunguza kawiri monga munanenera bwana, kenako tinabwereka timing light (nyali yopimira nthawi ya moto) kwa mnzake kuti amalizitse. Mapaipi ndayang'ana mayi, onse ali m'malo. Masana ano ndakwera Munro Drive yomweyo ndi filiji ya kasitomala kumbuyo ndipo sindinabwerere ku giya 1.