Mavidiyo a kickboxing m'kachipinda ka lendi: macheza a ana a pa Mzuzu omwe ali kunja

NyaGondwe (Muscat, kwathu ku Chibavi): Moni nonse. Ndikufunsa za mavidiyo a kickboxing, masewero oponya zibakera ndi mateche, aja adzaza pa YouTube. Kachipinda ndi ka mamita awiri ndi theka mbali zonse, pansi ndi matailosi, mpata ndi mphindi 30 usiku ntchito ikatha. Amathandizadi? Ndiyambire ati, nanga pofunika kugula chiyani?

A Mhango (Johannesburg, kwathu ku Zolozolo): Achemwali, malowo akukwana. Yesani motere: imani pakati, tambasulani mwendo kutsogolo, kenako cham'mbali. Ngati phazi silikukhudza bedi kapena khoma, yambani. Mavidiyowa alipo mitundu iwiri. Woyamba ndi wa nyimbo, wonga majowajowa, monga Tae Bo ya Billy Blanks yomwe inatchuka m'zaka za m'ma 1990, kapena BodyCombat ya kampani ya Les Mills ya ku New Zealand. Wachiwiri ndi wa maraundi: mphunzitsi amatchula manambala, inu n'kumaponya zibakera kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako kupuma mphindi imodzi. Ongoyamba kumene ayambe ndi wachiwiriwu. A nyimbo aja amathamanga, ndiye munthu amangogwedeza manja kuti asatsalire, n'kuzolowera kaponyedwe kolakwika komwe kamavuta kukachotsa.

Manambala ambiri amayenda chonchi: 1 ndi jab, chibakera cholunjika cha dzanja lakutsogolo, 2 ndi cross, cholunjika cha dzanja lakumbuyo, 3 ndi 4 ndi hook, zokhota, 5 ndi 6 ndi uppercut, zochokera pansi. Aphunzitsi ena amasintha pa 4, 5 ndi 6, choncho mverani kaye poyambira pa vidiyo. Sabata ziwiri zoyamba chepetsani liwiro la vidiyo likhale pa 0.75.

A Msiska (Cape Town, kwathu ku Mchengautuwa): Apo sindikugwirizana nanu kwenikweni, Dada Mhango. Munthu amene waima tsiku lonse safuna kuwerenga manambala ngati ali m'kalasi. Nyimbo ndiyo imamudzutsa pabedi. Vidiyo yabwino ndi imene munthu angaibwereze mawa. Nzeru yake ndi kusankha ya mphindi 15 kapena 20 yolembedwa kuti "beginner" ndi "low impact", yomwe ili ndi munthu mmodzi pambali wosonyeza njira yofewa, yopanda kudumpha. Tsatirani ameneyo, musiyeni wapakatiyo.

A Mhango: Zoona, bola aphunzire kaye zinthu zitatu izi, chifukwa vidiyo sikuonani mukamalakwitsa.

Kaimidwe: ngati mumalemba ndi dzanja lamanja, phazi lamanzere likhale kutsogolo, mapazi atalikirane ngati mapewa, osakhala pamzere umodzi, mawondo opinda pang'ono, chidendene chakumbuyo chonyamuka pang'ono, chibwano pansi. Mphunzitsi akayang'ana kamera amakhala ngati pagalasi, ndipo ambiri amasokonezeka n'kumaponya cross ndi dzanja lakutsogolo. Musatsatire mbali imene mukuiona. Tsatirani mawu oti "lead", lakutsogolo, ndi "rear", lakumbuyo.

Chigongono: mukamamenya mphepo palibe choimitsa chibakera, ndiye mukawongola mkono mpaka kumapeto, mphamvu yonse imathera m'chigongono. Mu vidiyo imodzi mumaponya zibakera mazanamazana, ndipo pakatha sabata zingapo kunyamula ndowa kumayamba kuwawa. Imitsani chibakera mkono usanawongokeretu, ndipo muzichibweza pachibwano mwachangu ngati mmene chinapitira. Bondonso chimodzimodzi pomenya theche lakutsogolo.

Phazi loimira: apa ndiye pamaonongekera mawondo ambiri. Pa theche lozungulira lija amati roundhouse, phazi lomwe latsala pansi liyenera kuzungulira, mutaimira kutsogolo kwa phazi pansi pa zala, mpaka chidendene chiloze pafupifupi komwe theche likupita. Phazi likamatirira pansi pomwe chiuno chikuzungulira, chomwe chimapotokola ndi bondo. Mwezi woyamba theche lisapitirire msinkhu wa bondo kapena ntchafu. Gwirani khoma ndi dzanja limodzi, muchite pang'onopang'ono kakhumi mwendo uliwonse musanayatse vidiyo.

NyaChirwa (Leeds, kwathu ku Katoto): Ndiwonjezere pa za pansipo. Pa kapeti, ngati mmene zilili nyumba zambiri kuno, nsapato za mphira wamano zimagwira kwambiri ndipo phazi silizungulira. Bola kukhala osavala nsapato. Pa matailosi vuto ndi lina: masokosi okha amaterera, thukuta likadontha ndiye zoopsa. Pamenepo valani nsapato zopepuka zapansi posalala, thaulo likhale pafupi, muzipukuta pansi pa nthawi yopuma. Pa simenti youma osadumphadumpha opanda nsapato, msongolo ndi chidendene zimatupa. Amene muli m'nyumba zosanjikizana, kudumpha kumamveka kwa apansi. Pomwe vidiyo ikuti dumphani, inu pondani phazi limodzi cham'mbali n'kulibweza.

Kachulukidwe kake: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewero olimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata ngati ndi apakatikati, kapena 75 mpaka 150 ngati ndi othetsa befu. Kickboxing ili m'gulu lachiwirili, ndiye masiku atatu a mphindi 25 akwana. Achemwali NyaGondwe, mphindi 30 zanuzo zigaweni chonchi: 5 kutenthetsa thupi, kuguba pamalo amodzi, kuzunguza mapewa ndi chiuno, maraundi asanu a mphindi ziwiri, kupuma mphindi imodzi pakati, 5 kuyenda pang'onopang'ono ndi kuwongola ntchafu ndi akatumba. Zotsalazo ndi zomwera madzi. Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, osati daily. Pakatha mwezi raundi ifike mphindi zitatu.

Ndimalimbikira za kusathamanga chifukwa ambiri muno ntchito yathu ndi ya manja ndi miyendo. Dzanja ndilo khasu lathu. Bondo likatupa, ganyu yaima, lendi ikudikira, kumudzi akudikira.

A Kumwenda (Dubai, kwathu ku Luwinga): Za kutentha musazitenge mopepuka. Thupi lomwe linakulira m'chifunga cha pa Mzuzu limataya madzi kwambiri kuno. Si pachabe kuti boma la UAE limaletsa ntchito za padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuchokera pa 15 June mpaka 15 September. Ku Oman nakonso lamulo lotere lilipo m'miyezi ya June, July ndi August. Amene wagwira ntchito panja tsiku limenelo ayang'ane kaye mkodzo asanayatse vidiyo. Ukakhala wachikasu chodera, imwani madzi, masewerowo adikire. Imwani theka la lita kutatsala maola awiri, kenako pang'onopang'ono pa nthawi yopuma. Ngati pali sikelo, dziyezeni musanayambe ndi pomaliza: kilogalamu imodzi yomwe yachoka ndi lita imodzi ya madzi yofunika kubwezera, si mafuta ayi. Thukuta likachuluka ndipo akatumba akukokana, sungunulani paketi ya ORS, yonga Thanzi ija ya kwathu. Ikasowa, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Zovala mapepala apulasitiki kapena majekete kuti thukuta lichuluke zija ndi zoopsa, zisiyeni.

Za bandulo: vidiyo ya mphindi 30 pa 360p imadya pafupifupi 150 MB, pa 720p imatha kupitirira 500 MB. 360p ndi yokwanira kuona mapazi. Foni muikhazike pampando, pa msinkhu wa chiuno kapena pachifuwa, osati pansi, chifukwa kuyang'ana pansi kumapinditsa khosi ndi msana. Ndipo sankhani vidiyo yomwe kamera ikuonetsa thupi lonse la mphunzitsi. Yodula mapazi siingakuphunzitseni kuzungulira kuja anena a Mhango.

NyaChirwa: Kuphwanya kwa thupi komwe kumabwera mawa lake n'kukula pa tsiku lachiwiri ndi kwachibadwa, kumatha pakadutsa masiku atatu kapena anayi. Koma minofu ikatupa, ikawawa mopitirira muyezo, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndi minofu yomwe yaonongeka ndipo zimapha impso. Musamwe ibuprofen kapena diclofenac thupi lili louma madzi, nazonso zimalemetsa impso. Ululu wobaya m'bondo, kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani pomwepo. A BP ndi shuga ayambe aonana ndi adokotala. Amayi amene angobereka kumene, makamaka kudzera opareshoni, adikire chilolezo cha kuchipatala, ndipo akayamba asadumphe.

Wongani (ndili konkuno ku Chiputula): Akuluakulu, ine ndikufuna chithumba chomenya. Anzanga akuti ndidzaze mchenga m'saka ndipachike pa phaso la nyumba. Zili bwino?

A Msiska: Ayi mphwanga, zonse ziwirizo n'zolakwika. Mchenga umatsikira pansi n'kuuma gwa ngati mwala, ukanyowa ndi chinyezi cha pa Mzuzu ndiye umaposa apo. Ukamenya ndi mbali ya kachala kakang'ono, fupa la kuseri kwa kachalako limathyoka, ndipo ndi sabata zingapo dzanja lili lomangidwa. Dzaza nsanza. Pita ku Zigwagwa ukagule zotsalira za kaunjika, kapena upemphe zidutswa kwa atelala, uchotse mabatani ndi mazipi, uzidule tizidutswa ngati chikhatho. Thira pang'ono, sindikiza ndi musi, thiranso. Ukafuna kulemera, ika mchenga wouma m'timapepala tapulasitiki ta kilogalamu imodzi imodzi, timange ndi tepi, tikhale pakatikati tozunguliridwa ndi nsanza mbali zonse. Utuchi wa kwa ocheka matabwa umathandizanso, koma uyanike kaye ndipo ukhale m'pulasitiki, apo ayi umachita nkhungu. Thumba lenilenilo likhale la tenti kapena chikwama cholimba chachitali, telala asoke kawiri. Saka ya feteleza imasupula khungu la zala. Kwa woyamba, makilogalamu 20 mpaka 25 akwana.

Phaso la denga la malata silinapangidwire katundu wogwedezeka, misomali imasukusika, denga n'kuyamba kudontha. Pachika pa nthambi yaikulu ya mtengo wa mapeyala kapena mango, kapena uzike mapolo awiri ndi mtanda pamwamba. Pakati pa chingwe ndi mtanda ikapo chubu cha tayala la galimoto chopinda kangapo kuti chizimeza kugwedezeka. Mvula ikayamba, tsitsa ulowetse m'nyumba. A kuno omwe ali m'mikuku, tizisakasa ta malata tija, ndi m'nyumba za lendi, zopachikazi aiwale, mphepo yomweyo ndi yokwanira.

A Mhango: Ndipo thumba silimenyedwa ndi manja osamanga. Mabandeji a nkhonya a munthu wamkulu ndi a mamita 4.5, ku Decathlon ndi m'masitolo ena a zamasewero amapezeka. Akasowa, bandeji ya crepe ya ku famase, yotambalala masentimita 5, imagwira ntchito. Kamangidwe: kolowetsa chala chachikulu, katatu polumikizira dzanja ndi mkono, katatu pa mfundo za zala, kenako kudutsa pakati pa zala kamodzikamodzi, n'kumalizira polumikizira pomwe paja. Zala zikhale zotambasula pomanga. Ukafumbata izigwira, ukatambasula isafinye. Zala zikachita dzanzi, masula uyambirenso. Magolovesi akhale olembedwa 12 oz kapena 14 oz, komwe ndi kulemera kwake. Menya ndi mfundo ziwiri zoyamba, ya chala cholozera ndi chapakati, dzanja ndi mkono zili pamzere umodzi. Theche lozungulira limenye ndi msongolo, osati zala za phazi. Mabandeji achapidwe, magolovesi aziyanikidwa pamthunzi pamphepo, apo ayi fungo ndi zipere.

Mavidiyo ena amati gwirani tizitsulo m'manja poponya zibakera. Sindimalimbikitsa. Chitsulo chimakokera pansi pomwe chibakera chimapita kutsogolo, ndiye cholemedwa ndi phewa ndi chigongono.

A Msiska: Theka la kilogalamu, moponya pang'onopang'ono, si vuto kwa amene watha miyezi itatu. Mabotolo awiri a madzi a 500 ml ndi omwewo. Kupitirira apo ndikuvomerezana nanu. Koma china chofunika kunena mosabisa, makamaka kwa anyamata a ku Joni ndi kuno: mavidiyowa si ophunzitsa ndewu. Simuphunziramo kutalikirana ndi mdani, kuzinda, kapena kulandira chibakera. Munthu akakutulutsira mpeni kapena mfuti akufuna foni, mpatse foniyo.

NyaGondwe: Zikomo nonse. Lomaliza: ena amalemba kuti vidiyo imodzi imawotcha ma calories 800 ndipo imaphwetsa mimba. Ndi zoona?

NyaChirwa: Manambalawo ndi okopera anthu, achemwali. Munthu wa makilogalamu 70 akalimbikira mphindi 30 amawotcha pakati pa 250 ndi 350, pomwe kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ndi pafupifupi 7,700. Mafuta sachoka pamalo amodzi chifukwa mwalimbitsa pamenepo. Mawondo okweza m'mwamba aja amalimbitsa minofu ya pamimba, koma mafuta amatsika thupi lonse pamodzi, ndipo mbale ndiyo imalamula. Chepetsani mtanda umodzi wa nsima kapena chipande chimodzi cha mpunga, onjezani ndiwo zamasamba, nyemba kapena mazira, ndipo zakumwa zotsekemera zikhale za apo ndi apo. Chomwe mudzayambe kuona pa sabata yachinayi ndi befu: masitepe simudzawamvanso ngati kale. Muziyeza chiuno ndi tepi ya telala pa mchombo, m'mawa musanadye, kamodzi pa sabata ziwiri. Poti mukuchita usiku, idyani chakudya chachikulu maola awiri musanayambe, ndipo mumalize kutatsala ola limodzi kuti mugone. Valani bra yogwira bwino ya masewero, ndipo foni muzidzijambula nayo raundi imodzi pa sabata kuchokera cham'mbali, muone ngati chidendene chikuzungulira ndi ngati dzanja likubwerera pachibwano. Mukafuna tumizani muno, Dada Mhango akuonereni.

A Mhango: Tumizani ndithu. Kamera ikhale pa mamita awiri, mapazi azioneka.