Gulu la banja: manja ndi phewa la Agogo

Lolemba

Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Ndili ndi nkhani ya Agogo. Si zadzidzidzi, koma ikufunika tikambirane.

Tadala: Manja awavuta tsopano. M'mawa zala zimauma gwa, chipeso chimangowapulumuka. Mkono wamanja sukufika kumutu chifukwa cha phewa. Asiya kupesa, amangofunda mpango, ndiye mpangowo womanga kumbuyo ndine.

Tadala: Mabatani a bulauzi ndi nkhondo ina. Zikhadabo za kumapazi zakula mpaka nsapato zikuwapweteka, kuwerama sangathe.

Esnati: Ndinaziona nditapita. Anandinamiza, ati mpangowo ndi wa kuzizira.

Limbani: Ukalamba umenewo, tonse tikulowera komweko. Tipeze mtsikana wantchito aziwasambitsa ndi kuwaveka. Nkhani yatha.

Tadala: Malume, safuna kusambitsidwa. Ineyo amene amanditulutsa m'bafa.

Limbani: Adzazolowera.

Chisomo: Adadi tadikirani kaye. Msuweni, kuumako kumatha nthawi yanji akadzuka? Kumapitirira ola? Nanga zala zatupa manja onse awiri mofanana?

Tadala: Akaviika m'madzi ofunda zimamasuka, mwina pakatha mphindi 20. Kutupa kwenikweni ayi. Koma mfundo za kumapeto kwa zala zatuluka timibulu tolimba, ndipo patsinde pa chala chachikulu amati pamabaya akamatsegula botolo la mafuta odzola.

Chisomo: Zikumveka ngati nyamakazi ya kuperepeseka kwa mfundo, osteoarthritis. Kumapeto kwa mafupa kumakhala kamnofu koterera kothandiza kuti asamakhulane, ndiye kamatha pang'onopang'ono. Kuuma kwake kwa m'mawa sikupitirira theka la ola kawirikawiri. Ina ija, rheumatoid, imatupitsa mfundo mbali zonse ziwiri, kuuma kwake kumatenga nthawi yaitali, ndipo mankhwala ake ndi ena. Koma ine sindingawayeze pafoni, awaone adokotala. Phewalo likundidetsa nkhawa palokha, anthu a shuga limakonda kuwauma mpaka mkono osakwera.

Mayi a Thoko: Ine ndinkanena kalekale kuti apongozi asamachape ndi madzi ozizira. Palibe anandimvera.

Chisomo: Madzi ozizira sayambitsa matendawa amayi, kungoti kukazizira ululu umamveka kwambiri. Zoyambitsa ndi zaka, kulemera kwa thupi, kuvulala kwakale, kutengera kumtundu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu 528 miliyoni padziko lonse anali nawo, ndipo 6 mwa 10 aliwonse anali akazi.

Limbani: Mamiliyoniwo satithandiza, ife tili ndi mayi mmodzi. Mtsikana wantchito basi.

Esnati: Amulipira ndani mwezi ndi mwezi, achimwene?

Limbani: Tonse. Mutu umodzi susenza denga.

Esnati: Mawu a denga musawatchule muno chonde.

Yamikani: 😂😂

Limbani: Iwe Yamikani ukuseka chiyani?

Yamikani: Palibe malume, chala chinaterera.

Chisomo: Tadala, mankhwala akumwa ati?

Tadala: A shuga, a BP, ndi ibuprofen amene malume anabweretsa. Amamwa m'mawa ndi madzulo, nthawi zina asanadye.

Chisomo: Mayo ine. Tsiku lililonse? Ayambe aimika amenewo mpaka aonane ndi adokotala. Kwa munthu wamkulu, wa BP ndi shuga, ibuprofen ndi diclofenac wa mapiritsi amaboola zilonda m'mimba, amawononga impso, amakwezanso BP yomweyo. Pakadali pano amwe paracetamol. Malire a munthu wamkulu ndi mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku, koma Agogo thupi ndi lochepa lija, asafike pamenepo. Wopaka uja wa gel ndiye wabwinoko pa zala ndi mawondo chifukwa wolowa m'magazi ndi wochepa, komabe mukafunse kaye.

Limbani: Ndiye ndalakwa kugula mankhwala? Ena muno sanagulepo ndi sopo yemwe.

Chisomo: Palibe wanena kuti mwalakwa adadi.

Limbani: Ndamva.

Esnati: Tiyeni tipange chonchi. Thumba limodzi: ulendo wa kuchipatala, zoyezayeza, ndi tizipangizo tomwe Chisomo atiuze. Ana a mayi aliyense gawo lathunthu, zidzukulu zogwira ntchito theka. Kuchuluka kwake ndatumizira aliyense payekha. Tadala sapereka.

Mayi a Thoko: Bwanji Tadala sapereka? Ndangofunsa.

Esnati: Chifukwa amadzuka usiku ndi iyeyo alamu. Ngati Thoko akufuna asinthane naye, ndimuchotsa nayenso pa mndandanda.

Mayi a Thoko: Ndangofunsa ine.

Esnati: A Dalitso, mwawerenga zonse, timizere tabiriwira. Tiyankheni.

Lachiwiri

Azakhali Nelesi: Mwadzuka bwanji ana anga. Taonani mdzukulu wanga wayamba kuyenda 🥰

Mayi a Thoko: Eee wakula! Mphuno ndi ya agogo ake aamuna yeniyeni.

Yamikani: Akufanana ndi malume a Limbani pamene akwiya.

Limbani: Mwana iwe.

Azakhali Nelesi: Vidiyo ikukana kutumizika, foni yadzaza. Ndani angandithandize kufufuta zinthu?

Yamikani: Yambani ndi zithunzi za maluwa zija mumatumiza m'mawa uliwonse.

Azakhali Nelesi: Zimenezo ndi madalitso, sizifufutidwa.

Tadala: Pepani kudula. Lero Agogo anaterereka m'bafa. Sanagwe, anagwira chitseko. Amafuna kudzitsuka kumsana, ndiye anapotoloka bondo n'kufooka.

Esnati: Ambuye!

Limbani: NDINANENA. Mtsikana wantchito. Mudikira athyoke?

Tadala: Malume, ndinawafunsa dzulo za mtsikanayo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinasambitsa ana anga onse ndi zidzukulu, lero mwana wa eni ake azindivula?" Chomwe akufuna iwo n'choti azitha okha. Akuti ndizingowakonzera madzi, zina zonse ndi zawo.

Azakhali Nelesi: Alamu anga amenewo. Munthu waukhondo chiyambire, sankatuluka m'nyumba tsitsi lisanapesedwe. Ine ndikuwamvetsa, nanenso zipi yakumsana ndinasiyana nayo kalekale.

Chisomo: N'zotheka ndithu, ndipo zambiri si zodula. Mpando wolimba wa pulasitiki m'bafa azisamba atakhala, miyendo yake isakhale yoterera. Pansi mphasa ya labala. Chogwirira chokhomera kukhoma, osati chitseko. Kumsana siponji ya chogwirira chachitali, kapena thaulo lalitali losokerera zingwe kumapeto onse awiri azikoka uku ndi uku. Sopo wamadzi wopopa, chifukwa wouma amapulumuka ndiye amawerama kutola, kugwa kumayambira pamenepo. Pa msinkhu wawo akathyoka fupa la m'chiuno ndi nkhani ina.

Chisomo: Chipeso ndi mswachi vuto ndi kuwonda kwa chogwirira. Chala chachikulu chimapweteka akamatsina kanthu kakang'ono. Kulungani nsalu pa chogwirira chikhale chonenepa, mumange bwino. Chipeso mungachimangirirenso pa kandodo kuti chizifika kumutu mkono usanakwere kwambiri.

Tadala: Mswachi ndayesa pompano ndi kansalu. Akuti "ichi ndiye chanzeru". Atsuka mano okha osadandaula.

Yamikani: Msuweni Chisomo udindo wa unduna wa zaumoyo ukukuyenera.

Limbani: Zidole zimenezo. Mtsikana akanachita zonsezo.

Esnati: Achimwene, tamva. Gawo lanu silinafike.

Limbani: Ndikufuna ndione kaye mndandanda wa zogula ndi mitengo yake. Ulendo uja tinangotumiza.

Esnati: Ulendo uja malisiti ndinaika muno onse. Amene sanabweze chenji akudzidziwa.

Mayi a Thoko: Ngati mukunena bambo a Thoko nenani poyera.

Esnati: Sindinatchule munthu.

Mayi a Thoko: Foni yawo ikuvuta masiku ano, n'chifukwa sakuyankha.

Yamikani: Koma status akusintha.

Mayi a Thoko atuluka m'gulu

Azakhali Nelesi: Yamikani, pakamwa pakopo. Esnati, m'bwezere mlamu wako.

Esnati wawonjezera Mayi a Thoko

Chisomo: Za zovala. Asamavutike ndi zovala zolowetsa kumutu, zikhale zotsegula kutsogolo. Telala achotse mabatani ang'onoang'ono aike akuluakulu, kapena zomata za Velcro, mabataniwo n'kuwasokerera pamwamba kuti bulauzi izioneka momwe inalili. Masiketi a lasitiki. Pa zipi mumange kachingwe kolowetsa chala. Povala ayambe mkono wopwetekawo, povula ukhale womaliza.

Azakhali Nelesi: Bulauzi yobiriwira ija telala asaiwononge, amaikonda. Anawagulira ndi malemu achimwene anga.

Tadala: Ndiyamba ndi zakale tione ngati azikonde.

Limbani: Nanga tsitsi osangowameta bwanji? Mavuto a chipeso atheretu.

Esnati: Mukawauze nokha achimwene, ine ndidzaonerera chapatali.

Azakhali Nelesi: Tsitsi ndi lawo. Akafuna kulifupikitsa anena okha.

Lachitatu

Esnati: Omwe atumiza: ine, Chisomo, Azakhali Nelesi (sitinawapemphe n'komwe, zikomo azakhali), Yamikani theka la theka lake. Otsala: achimwene a Limbani, a Dalitso, Thoko, Mphatso.

Yamikani: Zotsalazo kumapeto kwa mwezi amayi.

Esnati: Mwezi uti?

Esnati: Mphatso ali muno kodi? Chilowereni sanalembepo kanthu.

Chisomo: Anasintha nambala azakhali. Ndimuimbira.

Tadala: Funso. Zikhadabo za kumapazi ndingawenge ndi lezala? Chowengera chikukanika, zakhuthala kwambiri.

Chisomo: AYI msuweni, lezala ayi. Munthu wa shuga mapazi samva bwino, ukhoza kuwacheka iwo osadziwa, ndipo bala la kuphazi limachedwa kupola. Ulendo woyamba uno akawengedwe kuchipatala, awaonenso mapazi. Pambuyo pake uziwenga akangosamba zikadali zofewa, modula chopingasa, osalowa m'makona, kenako kupala. Upukute bwino pakati pa zala ndipo mafuta usapake pamenepo. Madzi ofunda aja uziyamba wayesa iweyo ndi chigongono, angawapsereze.

Tadala: Chabwino. Nanga manja azingowapumitsa?

Chisomo: Ayi, mfundo ikangokhala imaumiratu. Akaviika m'madzi ofunda azifumbata ndi kutambasula pang'onopang'ono, chala chachikulu chizikhudza zala zinazo chimodzichimodzi. Za phewa akakuonetseni a mafizo, musamalikoke ndi mphamvu. Ndipo kusamba ndi kuvala kusamakhale m'mamawa akangodzuka, adikire thupi limasuke.

Limbani: Mwana wanga waphunzira, sindikukana. Koma ine ndikuti pakatha miyezi ingapo mudzabwerera kwa ine pa nkhani ya mtsikana.

Chisomo: Mwina tidzafikadi pamenepo adadi, matendawa sabwerera m'mbuyo. Tsiku limenelo adzasankha okha wowathandiza. Lero akutha, asiyeni azichita.

Limbani: Ndatumiza theka. Lotsala ndikaona malisiti.

Esnati: Lafika. Malisiti a zinthu zomwe sitinagule ndiwatenga kuti?

Limbani: Ndiye mugule ndi lomwe ndatumizalo.

Mayi a Thoko: Thoko watumiza kwa Tadala mwachindunji.

Esnati: Tinagwirizana thumba limodzi.

Mayi a Thoko: Ndalama yafika kwa apongozi, si ndiye cholinga?

Tadala: Yafika, ndawapatsira amayi kuti ilembedwe.

Azakhali Nelesi: Chogwirira cha kukhoma akhome ndani? Chisakhale cha misomali iwiri chozuka ndi munthu.

Yamikani: Ndikhoma ine Loweruka. Chikhale m'malo mwa zotsala zanga zija.

Esnati: Ukhoma, ndipo zotsalazo utumizabe.

Limbani: Yamikani sanakhomepo kanthu chibadwire. Ndibwera ndidzayang'anire.

Tadala: Mukabwera malume musayambitse za mtsikana pamaso pawo.

Limbani: Ine ndimalankhula zoona.

Esnati: Zomwe zilipo zikukwana ulendo wa kuchipatala, mpando ndi mphasa. Telala ndi siponji zidikira gawo la a Dalitso ndi theka la achimwene. A Dalitso, ndakuimbirani, foni ikuitana bwinobwino.

Chisomo: Tadala, mawa utenge mankhwala onse m'mapaketi ake, ndi ibuprofen yemwe, adokotala aone. Uwauze kuti amwa nthawi yaitali, upemphe ayeze impso. Utchulenso za phewa ndi zikhadabo, osangoti "thupi likuphwanya" monga amanenera Agogo.

Tadala: Ndalemba zonse. Tinyamuka 6 koloko. Zotsatira ndiuza amayi, amene sanatumize akafunse kwa iwowo.